Mazoa anga akutseka: kope la zimene zikuchitika m'thanki

Loweruka, 6 Meyi

Ndayamba kulemba za thanki yanga ya nsomba ndi makorali a m'madzi amchere chifukwa mutu ukundinamiza. Dzulo mayi akunyumba anandifunsa kuti, "Kodi timaluwa tanuti tinayamba liti kufota?" Ine ndinayankha kuti sabata yatha. Usiku nditafufuza zithunzi za mufoni ndinapeza kuti pa chithunzi cha pakati pa Epulo gulu la kumanzere linali litayamba kale kutsinzina. Masabata atatu ndikudutsa pathanki m'mawa ndi madzulo, osaona kanthu. Kuyambira lero chilichonse chizilowa m'kope.

Thankiyi ndi ya malita 250, ili pabalaza m'fulati yathu kuno ku Johannesburg, ili ndi sump, kathanki kosefera madzi, kunsi kwake, ndipo yatha chaka ndi miyezi iwiri. Muli nsomba zinayi: ma clownfish awiri, royal gramma ndi goby wachikasu. Mulinso shrimp imodzi ya peppermint ndi nkhono zodya ndere. Makorali, zamoyo za m'nyanja zomatirira pamiyala, ndi hammer mmodzi, leather wamkulu wooneka ngati bowa amene dzina lake lenileni ndi Sarcophyton, kenako mazoa, amene ndi amene anandikokera ku madzi amchere.

Kwa amene sanawaonepo, zoa ndi kanyama ngakhale kamaoneka ngati duwa. Kamutu kamodzi kukula kwake ngati batani la shati, pakati pali kakamwa, m'mbali mwazungulira timphonje. Timituti timamera tambiri pa mphasa imodzi ya mnofu yomatirira pamwala. M'thupi mwake mumakhala tindere tosaoneka ndi maso totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya ndi kuwala. Choncho kamutu kakakhala kotseka masiku ambiri, dziwani kuti kakugona ndi njala.

Ndawerenga timitu nthawi ya 2 koloko masana, magetsi a thanki atayaka maola anayi. Gulu A, la mazoa a mtundu wotchedwa Eagle Eye, limene linakula kale n'kuyanga pamwala waukulu wa kumanzere, lili ndi timitu 62 koma totsegula ndi 35. Gulu B, la Rasta, lili ndi 14 ndipo totsegula ndi titatu tokha. Gulu D, la Bam Bam, limene ndinagula kwa munthu wina woweta kumayambiriro kwa Epulo, lili ndi 9, totsegula tisanu. Gulu C ndi lobiriwira lopanda dzina, lili pamwala wake wapadera kumanja, timitu topitirira 100, ndipo tonse n'totsegula. Koma nalonso mtundu wake wafwifwa, ndipo timitu tikuoneka tating'ono kuyerekeza ndi pa zithunzi za mu Febuluwale.

Madzi: mchere 35 ppt (magawo 35 pa 1,000 alionse), kutentha madigiri 25, alkalinity 8.1 dKH, calcium 430, magnesium 1320, ammonia palibe, nitrate 0, phosphate 0.00. Manambala awiri omalizawo ndawalemba monyadira, ngati mwana wakhoza mayeso.

Zimene zasintha m'miyezi iwiri yapitayi, monga momwe ndikukumbukira: ndinaika GFO, mankhwala oika mu sefa ochotsa phosphate, chifukwa cha ndere za pagalasi, ndinawonjezera mphamvu ya nyali, load shedding yakula, ndipo kuzizira kwayamba.

Lachiwiri, 9 Meyi

Refractometer yanga, yoyezera mchere m'madzi, yakhala ikunama. Chiyambire ndakhala ndikuikonza ndi madzi a RO, osefedwa mpaka osatsala mchere, kuonetsetsa kuti ikuloza pa ziro, basi n'kumati yalondola. Lero ndagula kabotolo ka madzi oyesera amene mchere wake ndi 35 ndendende. Nditadontheza pagalasi, chipangizo chawerenga 33. Ndiye kuti pamene chimandiuza kuti thanki ili pa 35, zoona zake inali cha m'ma 37.

Mtima unati mbala yagwidwa. Koma nditakhala pansi ndinakumbukira zimene ndinaona ku Ballito, kugombe la KwaZulu-Natal, chaka chatha. Nyanja ikaphwa kumeneko mazoa amatsala pamtunda atayala pamiyala ngati kapeti, dzuwa likuwawotcha, nthawi zina mvula n'kuwanyowetsa, madzi akabwerera iwo n'kutsegula ngati palibe chachitika. Kanyama kopirira zotere sikangafe chifukwa cha kusiyana kwa 2 ppt kumene kwabwera pang'onopang'ono. Komanso hammer, amene sachedwa kudandaula, ali bwinobwino.

Ndikonzabe. Kuchotsera malo a miyala ndi mchenga, madzi enieni alimo ndi malita pafupifupi 220. Kuti nditsike kuchoka pa 37 kufika pa 35 ndiyenera kuchotsa malita 12 a madzi amchere n'kubwezeramo opanda mchere. Ndizichita malita awiri patsiku kwa masiku asanu ndi limodzi. Mita ya TDS, yoyeza zosungunuka m'madzi, pa madzi a RO ikuwerenga 0, ndiye kumeneko kulibe mlandu.

Loweruka, 13 Meyi

Ndinaika thermometer yosunga nambala yotsika kwambiri ndi yokwera kwambiri. Usiku wa Lachinayi magetsi anazima maola anayi, kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo madzi anatsika kufika pa 22.4. Inveta yanga imangokwanitsa mapampu. Hita ya mawati 200 ikhoza kumaliza batire mbandakucha usanafike, ndipo pakati pa kutentha ndi kuyenda kwa madzi, chimene chimapha nsomba msanga ndi kusowa mpweya. Ndiye mapampu ndiwo ali pa inveta, thanki ndikumaifunditsa bulangete, ndipo ndikadziwa kuti kuzima kwa usiku n'kwakutali ndimayandamitsa mu sump mabotolo awiri a madzi otentha otsekedwa bwino. Dzulo sizinatsike kuposa 23.8. Bulangetelo ndi la alendo, nkhani yake sinathe m'nyumba muno.

Lero ndajambula mapu a thanki papepala, n'kudetsa ndi pensulo paliponse pamene pali timitu totseka. Chimene chaoneka n'chakuti vutoli lili ndi malo ake. Padera kwambiri ndi pakati chakumanzere, pamene B ndi D ayandikana, ndipo pa gulu A mbali imene yatseka ndi yoyang'ana komweko. Mbali ya kugalasi ikadali yotsegula. Mchere, kuzizira, alkalinity, zonsezi zikalakwika zimagwira thanki yonse, sizisankha ngodya. Chinthu chosankha malo chimakhala kuwala, kayendedwe ka madzi, mnansi woluma, kapena chilombo.

Ndayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu masana ano, sindinaone chilombo chilichonse. Maso anga agwera pa leather, chifukwa ali pamwamba pa malo omwewo, ndipo mtundu umenewu umatulutsa mankhwala m'madzi olepheretsa makorali ena kukula pafupi.

A: 29 totsegula. B: 2. D: 4.

Lachitatu, 17 Meyi

Ndilembe izi ngakhale zikundichititsa manyazi. Lamlungu madzulo ndinaona timitu tiwiri ta Rasta titasungunuka, patangotsala kachitsa kotuwa, ndipo phuma linandigwira. Usiku umodzi womwewo ndinatsitsa nyali ndi 20 peresenti, ndinasuntha leather kupita kumbuyo, ndinaika makala atsopano osefera madzi mu sump, ndinasintha madzi malita 60, ndinatembenuza pampu imodzi, n'kuthiranso iodine chifukwa ndinawerenga penapake kuti mazoa amaikonda. Iodine amene sindinamuyeze n'komwe.

Zotsatira zake, Lolemba thanki yonse inakwiya. Leather anakwinyika n'kuvala kachikopa konyezimira, hammer anabweza timanja take, ngakhale gulu C linatseka theka la tsiku. Tsopano abwerera, koma A, B ndi D sanasinthe. Chikanakhala kuti achira, sindikanadziwanso kuti pa zinthu zisanu ndi chimodzizo chawachiritsa n'chiti. Iodine ndasiya. Lamulo kuyambira pano: chinthu chimodzi, kenako kudikira masiku asanu.

Loweruka, 20 Meyi

Pamchenga pamera zinthu zabulauni zonanda ngati mamina, zokhala ndi tithovu ta mpweya kunsonga. M'mawa kumakhala koyera, pofika masana zadzaza, ndipo zina zikukoleka pa timitu ta gulu A. Nkhono ziwiri zodya ndere ndazipeza chagada. Ndinayamwa zina ndi paipi, n'kuzigwedeza m'botolo mpaka zitamwazika, n'kuzisefa pa pepala losefera khofi, madziwo n'kuwaika pansi pa nyali. Pasanathe ola tinsinga tabulauni tinali titalumikizananso m'madzi amene anali oyera. Amenewa ndi ma dinoflagellates, mwachidule ma dino, tizamoyo ta selo imodzi. Ndere wamba sizidzisonkhanitsa choncho.

Ndinapita kushopu kukagula chakudya cha nsomba. Kumeneko kumagwira ntchito mnyamata wina wa kwathu, wa ku Nkhata Bay, amene manja ake amakhala m'mathanki tsiku lonse. Ndinamuonetsa zithunzi ndi manambala a m'kope. Anangoyang'ana mzere umodzi n'kuseka.

"Achimwene, madzi anuwa mwawachapa mpaka atuwa. Ziro ndi ziro? Ndiye tizilomboti tizidya chiyani?"

Ndinati ine ndinkadziwa kuti nitrate ndi litsiro.

"Kwa mbuna, inde. Inu munayambira mbuna, eti?"

Anandigwira pomwepo. Ndinakulira kufupi ndi Monkey Bay, ndipo nditabwera kuno thanki yanga yoyamba inali ya mbuna, chifukwa chosowa kwathu. Zaka zisanu ndi chimodzi za mbuna zinandiphunzitsa chinthu chimodzi: madzi olimba, pH ya m'ma 8, kusintha madzi ambiri sabata iliyonse, nitrate akatsika ndiye kuti zinthu zili bwino. Nsomba imadya ndi pakamwa, za m'madzi zilibe nayo ntchito koma kuidwalitsa. Korali ndi nkhani ina. Tindere ta m'thupi mwake ndi mbewu, ndipo mbewu imafuna nitrogen ndi phosphorus monga chimanga chimafunira feteleza. Ine ndinawonjezera kuwala kwinaku ndikuchotsa feteleza yense ndi GFO, ngati mlimi wolima pamchenga woti mbuu n'kumadabwa kuti chimanga chachita chikasu. Ma dino nawo amakonda thanki yotere, chifukwa ndere zina ndi tizilombo tina topikisana nawo timakhala titafooka.

Anandifunsanso kuti, "Chatsopano chimene munaikamo n'chiyani?" Ndinatchula GFO ndi nyali. Za Bam Bam uja sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

Ndafika kunyumba n'kuchotsa GFO. Ndicho chinthu chimodzi cha sabata ino, pamodzi ndi kudyetsa nsomba mysis, timashrimp tating'ono, kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi. Cholinga ndi nitrate wa pakati pa 5 ndi 10, phosphate wa pakati pa 0.03 ndi 0.08. Kusintha madzi ndayamba ndaimika, chifukwa madzi atsopano angochepetsanso zomwe ndikufuna zikwere.

Lachitatu, 24 Meyi, usiku

Ndikulemba ndi tochi, manja akunjenjemera pang'ono.

Magetsi anazima 10 koloko. Cha m'ma 11 ndinadzuka kukaona ngati inveta yanyamula mapampu. Ndinakweza bulangete n'kuwalitsa tochi ya foni chammbali, osati kuchokera pamwamba monga nyali ya thanki imachitira. Usiku timitu tonse timakhala totseka, tosalala ngati nsonga za zala. Koma pa kamutu kamodzi ka Bam Bam panali timphonje talalanje tili panja. Ndinaganiza kuti kalephera kutseka bwino. Ndinayang'anitsitsa mwina mphindi yathunthu. Timphonjeto tinasuntha, kuchoka pamwamba pa kamutu kutsikira kutsinde, pang'onopang'ono, kutsogolo kwake kuli tinyanga tiwiri.

Ndi nudibranch, nkhono yopanda chigoba yodya mazoa. Kutalika kwake sikukwana theka la sentimita. Pamsana pake pali tinthu tangati timphonje, ndipo mtundu wake ndi ndendende wa zoa amene ikudya, chifukwa imasunga m'timphonjemo zimene yadyazo. Ya pa Bam Bam ndi yalalanje. Nditadziwa choyang'ana, ndinapeza zina ziwiri pa Eagle Eye, zabulauni mobiriwira, ndi ina pa Rasta. Masana zimabisala pakati pa matsinde ndi kunsi kwa pulagi, kaja kamene timitu timamatidwapo pogulitsidwa, ndipo ukaziona umayesa ndi mphonje ya kamutu kotseka mosamaliza. Ndinayang'ana malo omwewa ndi galasi pa 13 Meyi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaziona ndithu osazizindikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze kuti pamafunikanso tochi ndi 11 koloko ya usiku.

Mapu aja tsopano akuwerengeka. Pakati pa malo odetsedwa ndi pensulo pali D. Ndinamugula tsiku Loweruka, ndinafika naye kunyumba mochedwa, mtundu wake unali wokongola moti ndinangomutsuka ndi madzi a m'thanki n'kumumata pamwala. Sindinamuviike m'mankhwala, sindinamuike padera. Chikomekome cha mkuyu. Wogulitsayo sindikumuimba mlandu, mwina nayenso sankadziwa. Gulu C lapulumuka chifukwa pakati pa mwala wake ndi enawo pali mchenga wotalika ngati dzanja.

Zinayi zimenezo ndaziyamwa ndi pipeti, zili m'kabotolo.

Lachinayi, 25 Meyi

Ndapempha kuweruka msanga kuntchito. Ndisanalembe za kuviika, ndilembe za poizoni, chifukwa aliyense wogwira mazoa ayenera kudziwa.

Ena mwa mazoa, makamaka a mtundu wa Palythoa, amakhala ndi palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri opezeka m'chilengedwe. Anamupatula koyamba mu 1971 Richard Moore ndi Paul Scheuer a ku University of Hawaii, kuchokera ku tinyama ta m'thamanda la ku Hana pachilumba cha Maui, timene anthu akumeneko ankati akale ankapaka kunsonga za mikondo. Amagwira kapampu ka sodium ndi potassium kamene kali pa khungu la selo iliyonse, n'kukasandutsa khomo losatseka. Alibe mankhwala omuthetsa m'thupi, kuchipatala amangothandiza zizindikiro. Amalowera pabala, m'maso, m'kamwa, komanso popuma. Anthu ambiri amene anagonekedwa naye m'chipatala anali akuyeretsa miyala: kuithira madzi owira, kuikwecha youma, nthunzi n'kudzaza nyumba, banja lonse mpaka agalu n'kudwala. Si zoa aliyense ali naye, koma ndi maso simungasiyanitse, ndiye onse ndimawagwira ngati ali naye. Kamutu ukakafinya kamathanso kulavula madzi molunjika kumaso.

Ndiye ndinavala magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, ndinatsegula mawindo ngakhale kukuzizira, ana ndinawauza akhale kuchipinda. Nditatenga mbale yagalasi kukhitchini, mayi akunyumba anaima pakhomo.

"Bambo, mbale imeneyo ikalowa mmenemo isabwererenso kuno. Ndipo sinki yanga musaiyandikire."

Sindinatsutse. Ndinagwiritsa ntchito zidebe zitatu za ayisikilimu zimene ndazilemba chizindikiro chofiira, ndipo ntchito yonse ndinaigwirira kubafa.

B ndi D ali pa mapulagi, ndiye ndinangowathyola pamwala. Chidebe choyamba madzi a m'thanki osakaniza ndi Revive, mankhwala oviikira makorali, motsatira muyeso wa pabotolo, mphindi 10, ndikupemerera ndi pipeti pakati pa matsinde. Pa mphindi yachiwiri zinayamba kugwa, zikudzipinda. Pa D panagwa zisanu ndi ziwiri, zina zazing'ono ngati kambewu ka therere. Pa B zinayi. Panagwanso tizilombo tina tosalakwa, ma amphipod ndi ka brittle star kamodzi kamene ndinakathamangitsira m'madzi abwino. Nkhono ya sundial, ija ya chigoba chozungulira chamawangamawanga akuda ndi oyera, sindinaipeze, ngakhalenso akangaude a m'madzi amene amaboola matsinde.

Chidebe chachiwiri n'chotsukira. M'chachitatu ndi momwe munali ntchito yeniyeni, kufunafuna mazira, chifukwa mankhwala oviikira sapha mazira. Amaoneka ngati kaulusi koyera kokulungidwa mozungulira, kakang'ono kuposa mutu wa machesi, komatidwa pambali pa tsinde la kamutu kotseka. Pa D ndinapeza malo asanu, pa B awiri, ena kunsi kwa pulagi. Ndinawapala ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, pansi pa madzi kuti pasathovoke kanthu, kenako n'kudutsitsa mswachi wofewa. Mapulagi akale ndinawadula n'kumata timitu pa atsopano. Zinanditengera maola awiri pa timitu tosakwana 20. Madzi onse otsala, zida ndi magolovesi ndinazithira jiki ndisanataye.

B ndi D sabwerera m'thanki yaikulu. Ali m'kathanki ka malita 30 kamene kanali m'galaja, ndi hita yaing'ono, kapampu ndi nyali yakale.

Lamlungu, 28 Meyi

Mutu ukundiwawa ndi gulu A. Linayanga pamwala umene uli maziko a miyala ina yonse, ndipo goby anakumba nyumba yake kunsi kwake. Kuutulutsa ndiye kugwetsa mudzi wonse. Kusema mbali ya mwala ndi tchizulo ndinakuganizira, koma kuphwanya mazoa ambiri chotero m'nyumba ya ana sindikufuna. Ndasankha njira yotopetsa: usiku uliwonse, patatha ola nyali zitazima, tochi ndi pipeti. Ndimazimitsa mapampu kaye kuti chimene chagwa chisauluke. Lachisanu ndinagwira zitatu, dzulo ziwiri, ndi mazira malo atatu amene ndinawapala ndikuyamwa nthawi yomweyo.

Ena amaika nsomba yotchedwa wrasse kuti izidya tizilomboti. Wrasse wotchedwa six line ndi wandewu, angazunze gramma wanga. Wachikasu uja, Halichoeres chrysus, ndi wofatsa koma amafuna mchenga wokwanira kudzikwiriramo usiku ndiponso chivindikiro chifukwa amadumpha, ndipo thanki yanga ndi yapululu pamwamba. Komanso kugula nsomba mothamanga n'kuiponya m'thanki osaisunga padera ndi khalidwe lomwelo limene landifikitsa pano. Ndasiya.

Shrimp ya peppermint ndinaipeza usiku wina ikutokosa pa gulu A ndipo ndinatsala pang'ono kuitchera msampha. Nditaonetsetsa, imadya mnofu wa timitu takufa kale, tamoyo imangotidutsa. Ikhale.

Nitrate 1, phosphate akadali 0.00. Miyala ndi mchenga zimayamwa phosphate zikakhala kuti zinakamuka, ndiye zitenga nthawi kuti aoneke m'madzi.

Loweruka, 3 Juni

Kuviika kwachiwiri kunali Lolemba, kwachitatu dzulo. Ndikuchita masiku anayi aliwonse kuti zoswa kumene zife zisanakule n'kuikira mazira ena. Lolemba panagwa titatu tating'onoting'ono pa D, umboni woti mazira ena anandiphonya. Dzulo palibe.

Rasta wapita. Timitu tinayi totsala tinachita bulauni n'kuyamba kunyenyeka ndikangopemerera madzi, ndipo fungo lake nditatulutsa pulagi linali la chinthu chowola. Anali atadyedwa kwambiri, ndipo kupala kwanga kuja kunamuwonjezera mabala. Ndiye amene ndinamugula modula kuposa onse. Ndamukulunga m'mapepala apulasitiki awiri, jiki, n'kutaya.

Pa matsinde awiri a D ndinaona timadontho toyera ndipo mtima unapita ku zoa pox, matenda aja otulutsa timatuza toyera mwachikasu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: mazira ndi zinyalala zimachoka ukapala, pox amakhala m'kati mwa mnofu. Izi zinachoka, zinali zotsalira za guluu.

Loweruka, 10 Juni

Phosphate waonekera, 0.03. Nitrate 4. Ma dino achepa kwambiri, atsala pangodya imodzi ya mchenga, ndipo pagalasi payamba kumera ndere zobiriwira zimene miyezi iwiri yapitayo ndikanazitukwana. Nkhono zayambanso kuyenda.

Apa ndi pamene gulu C landithandiza kuposa chida chilichonse chimene ndinagula. Silinaviikidwe, silinasunthidwe, ndipo nudibranch sindinaipezepo ngakhale kamodzi. Koma ndikaika chithunzi cha lero pambali pa cha 6 Meyi, timitu takula, kubiriwira kwabwerera, ndipo m'mphepete mwa mphasa mwatuluka tiana. Chimene chasintha kwa ilo ndi chakudya cha m'madzi basi, pamodzi ndi kuwala kocheperako. Pamene gulu A, lokhala m'madzi omwewo, linapitirizabe kutseka mpaka pamene tizilombo tinayamba kuchepa. Ndiye matenda anali awiri. Njala inafooketsa onse, ndipo nudibranch zinapha amene zinawafikira. Mchere ndi kuzizira zinali zolakwika zoyenera kukonza, koma sizimene zimapha. Leather ndinamunamizira.

Zotsatira za ICP, kuyeza kwa kulabotale kwa madzi amene ndinatumiza ku Germany m'masiku a phuma aja, zafika. Zitsulo zoopsa palibe. Chokhacho chokwera kupitirira muyeso ndi iodine, amene ndinathira ndekha.

Pa gulu A sabata ino ndagwira imodzi, Lachiwiri. Totsegula 31 mwa timitu 48 totsala.

Loweruka, 24 Juni

Masiku khumi ndi limodzi osaona nudibranch m'thanki yaikulu. Yomaliza inali pa 13 Juni, yaing'ono. Ndikuyenderabe ndi tochi, tsopano usiku wachiwiri uliwonse. D waviikidwa kasanu ndi kamodzi, katatu komaliza osagwa kanthu, ndipo ndamusiya apume chifukwa kuviika nakonso kumamutopetsa. Mwa timitu 9 tija tatsala tisanu, tonse tikutsegula.

Timitu tina ta A takumunsi tatalika matsinde, tikusuzumira m'mwamba, chizindikiro choti kuwala kwachepa. Ndibweza 5 peresenti sabata iliyonse, ndipo sindifika pamene ndinali mu Epulo. Ndinayambanso kusintha madzi, malita 20 okha.

Ndinadutsa kushopu kuja n'kumuuza mnyamata wa ku Nkhata Bay za Bam Bam. Anagwira pakamwa. "Achimwene, ndinakufunsanitu ine." Ndinavomera kuti anandifunsa.

Loweruka, 15 Julaye

Mchere 35, woyezedwa chipangizo chitakonzedwa ndi madzi oyesera m'mawa uno. Kutentha kotsikitsitsa sabata ino 23.9. Alkalinity 8.0, nitrate 7, phosphate 0.05. Ma dino sakuonekanso.

Gulu A lili ndi timitu 53, totsegula 51, ndipo tisanu mwa timeneti ndi tatsopano, tamera pa malo amene panadyedwa. Pali chigamba chimodzi cha mwala chimene chatsala chopanda kanthu ndipo payamba ndere zaubweya, ndizizula ndi chopanira zisanakwere pa timitu. C ndasiya kumuwerenga. D ali ndi kamwana kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mapira, kalalanje kale.

Papita masiku 32 chigwirire nudibranch yomaliza. D akhalabe m'kathanki kakang'ono mpaka kumapeto kwa mwezi, kenako ndidzamuika pa kamwala kakekake pakati pa mchenga, osati pamwala waukulu. Kathankiko sikabwereranso kugalaja, ndakapezera malo pansi pa shelefu ya mabuku. Bulangete la alendo ndagula lina. Mawa ndi tsiku lotsuka skimmer, chipangizo chochotsa litsiro m'madzi ndi thovu, ndipo Lachiwiri usiku ndi tochi.